Fayilo ya anime ikasinthidwa, pa AniDB tilembe gulu liti?

kondwa_senpai:
Anzanga ndithandizeni. Ndili ndi ma episode amene wina anawachepetsa kuchoka pa 1080p kufika 720p kuti azikwana mufoni, koma ma sub (mawu omasulira olembedwa pa chithunzi) ndi a gulu lina la fansub (okonda anime amene amamasulira okha) ndipo dzina lawo lidakali m'mabulaketi koyambirira kwa dzina la fayilo. AniDB, webusaiti yosunga mndandanda wa ma anime ndi mafayilo ake, siikuwazindikira olo pang'ono. Ndikamawawonjezera ndilembe gulu lomweli? Poti omasulira ndi iwowo.

mwai_raws:
Ayi achimwene, musatero. AniDB imadziwa fayilo ndi ed2k hash (nambala yowerengedwa kuchokera ku zonse zili mufayilomo) komanso kukula kwake, ndiye mukangosintha ka byte kamodzi basi yasanduka fayilo ina. Werengetsaninso CRC32 ya fayiloyo, nambala inanso yotsimikizira fayilo, muona kuti siikugwirizana ndi zilembo ndi manambala 8 amene gululo linaika kumapeto kwa dzina. Mukalemba dzina lawo ndiye kuti mukuwasenzetsa katundu wa eni ake, mawa mawu akamachedwa kapena chithunzi chikamaphwanyika pa ma scene amdima anthu aziti gulu limeneli ndi la zibwana pomwe encode yawo, video imene iwo anatulutsa, inali bwinobwino.

NaBanda_chan:
Zoona, koma ine zimandiwawa dzina la omasulira likangosowa. Munthu wakhala usiku onse pa pulogalamu ya ma sub ya Aegisub kulunzanitsa mzere uliwonse ndi pakamwa pa wolankhula, wina wamasulira Chijapanizi, winanso wayika mawu pa zikwangwani za pasukulu ndi pa mameseji a mufoni kuti aziyenda limodzi ndi chithunzi, onsewa osalandira kanthu, kenako wina wangofinya video yokha dzina nkukhala lake. Kwa ine gulu likhale la amene anatulutsa fayilo imeneyo, koma pa ndemanga alembe poyera kuti ma sub achokera kwa uje, video kwa uje.

tiya720:
Musasokonezenso ndi v2. Ngati gulu lenilenilo lakonza zolakwika nkutulutsanso, imeneyo ndi yawo ndithu. Koma ngati mwasintha nokha pa kompyuta, mwina mwachotsa audio imodzi ndi pulogalamu ya MKVToolNix, musaiike mu database, palibe wina ali nayo. Ikani generic file (yongoimira episode popanda kutchula fayilo yeniyeni) mu mylist yanu, mndandanda wanu wa pa AniDB, episode iwerengedwa kuti munaonera.

kondwa_senpai:
Zikomo nonse. Amene anachepetsayo sanaike tag yake paliponse, ndinangolandira pa flash kwa mnzanga, ndiye ndingoika generic.