Mulanje ndi block mountain kapena inselberg? Ana andipanikiza

Sir wa ku Luchenza:
Anzanga a Geography ndithandizeni msanga. Lachisanu ndikupita ndi ana a Fomu 3 ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, fieldwork ya landforms. Manotsi omwe ndinawapeza pasukulu pano akuti Mulanje ndi block mountain (phiri lomwe linakwera nthaka itang'ambika m'mbali mwake), ana analoweza kale zimenezo, pomwe ine ku koleji ndinaphunzira kuti ndi inselberg. Dzulo mtsikana wina wandifunsa kuti ndiye pa MSCE tidzalembe chiti? Ndinangoti tipitiriza mawa. Worksheet mpaka pano sindinalembe, mutu waima.

Madam wa ku Zomba:
Inselberg, achimwene. Chiphalaphala chinakwera kuchokera pansi koma sichinatulukire kunja, chinazizirira mkati momwemo n'kusanduka syenite ndi granite, zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Miyala yofewa yomwe inachikuta inadyeka pang'onopang'ono, thanthwe lolimbalo n'kutsala lili chiimire pakati pa chidikha. Phiri lathu la Zomba linabadwanso chimodzimodzi.

Mkulu wa ku Karonga:
Ndaphunzitsa phunziroli zaka 26. Block mountain basi. Kayang'aneni nsonga ya Chambe pa phiri lomwelo, khoma lowongoka ngati lomangidwa ndi bilidala. Mvula ingaseme chimenechija?

Madam wa ku Zomba:
Bambo, kuwongoka kwa thanthwe si umboni wa fault, mng'alu womwe nthaka imang'ambika mbali ina n'kukwera kapena kutsika. Mukafuna kuonetsa ana ntchito ya faulting atengereni msewu wa Blantyre kutsetsereka ku Chikwawa, aime pamwamba pa escarpment aone chigwa cha Shire chagona pansipo. Kapena Khwekhwerere potsikira ku Golomoti. Kwanu komweko, Gorodi wokwera ku Livingstonia uja akupindikapindika chifukwa cha chiyani?

Sir wa ku Phalombe:
Ine za dzinalo zilibe kanthu, yang'anani kaye kumwamba musananyamuke. Madzi a phiri lija satenga nthawi. Kumtunda ikagwa mvula, inu kumunsi dzuwa likuswa mtengo, mtsinje umadzadza muli pomwepo. Kuno 1991 sitinaiwale, ndiye kunabweranso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, miyala yaikulu ngati nyumba ikugubuduzika. Ana ena m'kalasi mwanu mwina anataya abale, nkhani ya napolo muyambe bwinobwino.

Madam wa ku Thyolo:
Pa Dziwe la Nkhalamba ku Likhubulako ana asasambe, ngakhale akuchondererani bwanji. Chaka china tinapita ndi ana 60, aphunzitsi awiri okha. Chiperoni chinatsika cha m'ma 2 koloko, osaonana ndi munthu ali pafupi pomwepa. Tikawerenga akukwana 58. Ndinalira ngati mwana. Anyamata awiriwo tinakawapeza kunsi akugula nthochi. Tengani guide, lembani maina, makalata a makolo akhale m'chikwama chanu.

Mkulu wa ku Karonga:
Zonsezo n'zoona, koma phirilo lili m'dera la rift valley. Nyanja ya Malawi inamira, mbali zake zinakwera. Block mountain.

Sir wa ku Dedza:
Achikulire, kukhala pafupi ndi rift valley sikupangitsa phiri lililonse kukhala horst, dzina lina la block mountain. A Luchenza, pa worksheet musayambe ndi dzina. Ajambule cross-section kuchokera ku chidikha cha Phalombe mpaka Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ya mamita 3,002, aone momwe ma contour apanikizirana m'mbali n'kutakasuka pamalo osalala a pamwamba pa phirilo. Agwire mwalawo, aone timakristo tikulutikulu, muwafunse kuti mwala wotere unazizira msanga kapena pang'onopang'ono. Dzina adzalitchula okha.

Mkulu wa ku Karonga:
Ana anga akhala akukhoza ndi block mountain yomweyo.

Madam wa ku Thyolo:
Minibasi mwapeza kale? Ife driver anatikweza mtengo m'mawa wa tsiku lomwelo, ana atakwera kale. Mulemberane pepala.

Sir wa ku Phalombe:
Ndipo ndani ali ndi mapu a 1:50,000 a Mulanje osang'ambika? Athu anadyedwa ndi chiswe m'kabati, kwatsala theka la phiri la Michesi lokha.