Thandizeni: tizidindo ta kuseri kwa masupuni a agogo tikutanthauza chiyani?

Wofunsa:
Moni nonse apagulu pano. Amene mumadziwa za ziwiya zakale zodyera, chonde ndiunikireni banja lathu lisanamange mfundo.

Malemu agogo athu aamuna anagwira ntchito yaukhukhi ku Bulawayo zaka zambiri. Pobwerera kumudzi anabwera ndi bokosi lathabwa la masupuni, mafoloko ndi mipeni lomwe abwana awo anawapatsa potsanzikana. Chaka chino tikufuna kuwamangira chiliza, ndiye amalume akuti tigulitse bokosilo poti ndi siliva weniweni. Umboni wawo ndi tizidindo tomwe tili kuseri kwa zigwiriro. Kwabwera kale munthu wina wogula zakale, watchula ndalama yochepa ponena kuti ndi zokutira chabe, ndipo amalume akuti ameneyo akufuna kutidyera masuku pamutu.

Zimene ndikuona ndi izi. Pa masupuni aakulu pali kambendera kosongoka, m'kati mwake mwalembedwa W&H, pambali pake EPNS ndi A1. Pa mafoloko pali tizidindo tondondozana, malemba ake opotanapotana ovuta kuwerenga, koma kamodzi ndi kachisoti kachifumu ndipo kumapeto ndikutha kuona EP. Timasupuni ta tiyi tangolembedwa 90. Pa mipeni alemba kuti Firth Stainless. Kodi ndi siliva? Anapanga ndani, ndipo liti? Komanso zada kwambiri, ndizitsuke ndi chiyani?

Bambo wina wa ku Mzuzu:
Achemwali, yesani ndi maginito. Zikakana kumata ndiye kuti ndi siliva.

Mayi wokhala ku Sheffield:
Bambo, pepani, maginito sangathandize apa. Siliva samata ku maginito, inde, koma chitsulo chomwe chimakhala m'kati mwa masupuni okutidwawa nachonso sichimata.

Achemwali, ndimakhala mumzinda womwe masupuni anu aakuluwo anapangidwira, ndipo zoterezi timaziona kawirikawiri m'mashopu a zakale kuno. Ndiyambe ndi nkhani yowawa: wogulayo sananame. EPNS ndi chidule cha Electro Plated Nickel Silver. Supuni yonse ndi chitsulo chosakaniza kopa, nikelo ndi zinki, ndipo siliva anangomukutira pamwamba pogwiritsa ntchito magetsi, wopyapyala zedi. Njira imeneyi anaitchukitsa ndi a Elkington a ku Birmingham, omwe anatenga chiphaso chake mu 1840. Kuyambira pamenepo mabanja, mahotela ndi sitima zapamadzi anayamba kugula ziwiya zooneka ngati siliva pamtengo wotsika, n'chifukwa chake zinafalikira mpaka m'nyumba za atsamunda kwathu kuno ku Africa.

Siliva weniweni wa ku England mumamudziwira kamkango koyenda, kotukula mwendo umodzi wakutsogolo. Kameneko kamatanthauza kuti pa magawo 1000 a chitsulocho, 925 ndi siliva. Pambali pake pamakhala chizindikiro cha mzinda womwe anamuyesera: nangula ndi Birmingham, mutu wa kambuku ndi London, chisoti chachifumu chinali cha Sheffield mpaka 1974, kenako anaika duwa. Pamabweranso chilembo chimodzi choimira chaka. Mkango ukasowa, tizidindo tichuluke bwanji, kawirikawiri si siliva wa ku England.

Amalume musawaone ngati osadziwa. Opanga zokutira ankachita dala kundandalika tizidindo tawo m'timabokosi ndi malemba opotana kuti munthu akaona patali aziyesa zidindo za siliva weniweni. Anthu ambiri kuno, mbadwa zenizeni za dziko lino, amapusitsika nazo mpaka lero.

Koma musataye mtima. Kambendera ka W&H ndi ka Walker & Hall, kampani yotchuka ya kuno ku Sheffield, yomwe mu 1963 inaphatikizana ndi Mappin & Webb ndi Elkington. A1 ndi mawu a kampani onena kuti apa takutira siliva wochulukirapo. Panalibe lamulo loyeza zimenezo, komabe ndi katundu wabwino. Mafoloko anuwo ndi amene andikopa mtima. Chapakati pa zaka za m'ma 1890 analetsa kuika chisoti chachifumu pa zokutira chifukwa chinkasokonezeka ndi chizindikiro cha Sheffield. Ngati chisoti ndi EP (Electro Plated, kutanthauza zokutira) zilidi pamodzi, mafolokowo akhoza kukhala akale kuposa zonse za m'bokosimo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri amayi, mwanditsegula m'maso. Ndiye kuti zonsezi si za kampani imodzi?

Mayi wokhala ku Sheffield:
Ayi, zikuoneka kuti bokosilo linkadzazidwa pang'onopang'ono. Mipeni ndi yam'mbuyo: chitsulo chosachita dzimbiri anachitulukira ndi Harry Brearley kunokuno mu 1913, ndiye mpeni wolembedwa Stainless sungakhale wa chaka chimenecho chisanafike. Kumbukiraninso kuti Firth ndi amene ankapanga chitsulocho, wosula mpeni akhoza kukhala wina. Yang'anani dzina lina pafupi ndi chigwiriro.

Mnyamata wophunzira ku Germany:
Ndionjezepo pa timasupuni ta tiyi. Nambala 90 ndi kalembedwe ka kuno ku Germany ndi maiko oyandikana nawo. Imatanthauza kuti magalamu 90 a siliva ndi amene anakutira masupuni 12 ndi mafoloko 12 pamodzi. Ndi zokutiranso. Mukanaona 800 bwenzi tikunena zina, ameneyo ndi siliva ndithu. Onani ngati pali malemba WMF, ndi kampani yomwe inapanga zambiri zotere.

Agogo ena a ku Thyolo:
Mwanawe, ine za malembazo sindilowererapo, koma za kutsuka ndimvere. Bambo anga analinso khukhi pa esiteti ya tiyi, ndipo ntchito yopukuta masupuni inali yathu ana. Usayerekeze kukhudza ndi mchenga, phulusa kapena sitiliwulo ngati ukukwecha poto wa nsima. Silivayo ndi wochepa, ukamupala wapita, sabwereranso. Madzi ofunda, sopo pang'ono ndi kansalu kofewa, kenako upukute ziume nthawi yomweyo. Mipeni usaiviike m'madzi otentha, zigwiriro zake anamata ndi utomoni ndipo zimaguluka. Ukaona kuseri kwa supuni, pomwe imakhudza tebulo, patuluka mtundu wachikasu, dziwa kuti pamenepo siliva anatha kale, usalimbane napo.

Bambo wogulitsa zakale ku Johannesburg:
Mlongo wanga, ndilankhule ngati wamalonda. Zokutira sitigula pa sikelo chifukwa silivayo sitingamusungunule n'kupeza phindu. Timayang'ana dzina la kampani, ngati zili zofanana zonse, komanso ngati silivayo sanaperepeseke. Bokosi losakaniza ngati lanulo silingamange chiliza, mwina lingagule matumba ochepa a simenti. Ine ndikanakhala inu ndikanasonkha ndalama pabanja, masupuniwo n'kugawana, aliyense akhale ndi chokumbukira agogo. Koma mukatsimikiza zogulitsa, musagulitse bokosi lonse pamtengo umodzi musanadziwe amene anapanga mafolokowo.

Wofunsa:
Ndamva bambo. Amalume ndiwafotokozera Loweruka tikakumana, ngakhale ndikudziwa kuti ziwakhumudwitsa chifukwa anaika mtima pa ndalama imeneyi. Amayi a ku Sheffield, ndapukuta foloko imodzi monga anenera agogo, ndipo pambali pa malemba opotanawo patuluka kachithunzi kena kooneka ngati lipenga lomangiriridwa kansalu. Koma kameneka kali pa mafoloko aang'ono okha, pa aakulu aja achisoti palibe.

Mayi wokhala ku Sheffield:
Lipenga lokhala ndi kansalu ndi la James Dixon & Sons, a kunonso ku Sheffield. Malemba opotanawo ayenera kukhala J, D, & ndi S. Aakulu achisotiwo ajambuleni masana pafupi ndi windo, osayatsa kuwala kwa foni, chidindo chilichonse pachokha, muike zithunzizo pansi pano tiwerengere limodzi.