Tapeza mabuku akale a Chigwirizano m'bokosi la malemu: tiwasamale bwanji?

Mlembi wa Chigwirizano, dera la Lizulu

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwirapo ntchito ya ulembi mu mpingo kapena m'makomiti a kumudzi. Mwezi wathawu tinaika m'manda mayi amene anakhala mlembi wa Chigwirizano cha Amayi pa mpingo wathu kwa zaka zambiri, ndipo zamaliro zitatha ana awo anandiitana kuti ndikatenge bokosi lachitsulo limene linkakhala kunsi kwa bedi la malemuwo. M'bokosimo munali mabuku asanu ndi awiri a hadikava, makope angapo a ana asukulu, ndi mtolo wa makalata womangidwa ndi kansanza ka chitenje. M'buku lakale kwambiri ndalama za chopereka zinalembedwa m'mashiling'i ndi makobiri, kutanthauza kuti linayambidwa kwacha isanabwere mu 1971, ndipo kalembedwe kake ndi kaja ka makolo kolemba "cifukwa" ndi "cigwirizano" popanda h.

Mabuku awiri amene anali pansi penipeni chiswe chinawadya kuyambira kumsana, masamba ena anamatirirana ndi chuku, ndipo paliponse pamene panali pini pali banga la dzimbiri. Ana a malemu akupempha kuti buku limodzi litsale kwa iwo popeza ndi dzanja la mayi awo. Amayi ena akuti masamba amene muli milandu ya anthu amene anaimitsidwa pa Chigwirizano titenthe, chifukwa ana ndi adzukulu a anthuwo tikupemphera nawo limodzi. Kuchipinda chosungiramo katundu kutchalitchi denga limadontha. Kodi tichite chiyani?

Mphunzitsi wopuma, Bembeke

Amayi, pepani ndi maliro. Choyamba ndikuchondererani kuti mabukuwo musawayanike padzuwa monga tichitira ndi ufa, chifukwa pepala lakale likapsa ndi dzuwa limathetheka ndipo inki imafufuluka. Sankhani tsiku louma, yalani mphasa pamthunzi pomwe pakupita mphepo, muimike buku lililonse chotsegula pang'ono kuti mpweya uzilowa, ndipo chuku chikauma muchipukute ndi kansalu kofewa muli panja, mutaphimba mphuno. Masamba omatirirana musawakakamize. Mapini onse achotsedwe, ndipo selotepi isayandikire n'komwe, popeza guluu wake amasanduka wachikasu n'kudya zilembo. Ine ndinaononga nayo kaundula wa komiti ya sukulu ndikuyesa kuti ndikukonza. Kuwakulunga m'jumbo nakonso n'kolakwika kuno kwathu kumapiri, kumene nkhungu ya mu Juni ndi Julaye imanyowetsa ngakhale zovala za m'sutikesi, chifukwa pulasitiki imatsekera chinyezi m'kati. Bokosi lomwelo ndi labwino, koma likhale pa thandala kapena pa shelefu, lisagunde khoma, ndipo muzilitsegula kawiri kapena katatu pa chaka kuti muone ngati chiswe sichinamange njira.

Mukatero, lembani nambala pa buku lililonse ndi pensulo, ndipo m'kope latsopano mufotokoze kuti buku loyamba likuyambira chaka chakuti kufika chakuti, analemba ndi uje, muli maminitsi kapena ndalama. Kenaka mupeze wachinyamata wa foni yabwino ajambule tsamba ndi tsamba pakhonde m'mawa, motsatira ndondomeko ya masambawo.

Za umwini, ine ndikuona kuti palibe chokambirana: mlembi amagwirizira cholembera, koma buku ndi la gulu. Ana a malemu apatsidwe zithunzi zosindikiza. Musaone ngati ndi mapepala wamba. Mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba n'kupsereza zolemba zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda, ndipo ofufuza mbiri ya nthawi imeneyo amadalira kwambiri zimene mamishoni anasunga.

Katekisi, Mtakataka

Ndikugwirizana ndi Aphunzitsi pa kasamalidwe, koma ndikufuna ndionjezere chimene zithunzi sizingachite. Kwathu ku Chikatolika mabuku a ubatizo, a ukwati ndi a maliro amasungidwa ku parishi motsatira lamulo la Mpingo, ndipo ansembe oyambirira, kuyambira aja a Montfort amene anafika ku Nzama mu 1901 ndi Abambo Oyera (White Fathers) amene anatsegula Mua mu 1902, ankalemba zochitika za pa mishoni tsiku ndi tsiku. Ku Mua komweko malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, asunga zambiri za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Koma mukafunsa buku la mphakati wa m'mudzi, la kwaya kapena la amayi amene ankaphika pa maliro ndi kuyendera odwala, simulipeza, chifukwa linkayenda m'thumba la mlembi ndipo linatha ndi mlembiyo. Zotsatira zake n'zakuti mbiri imene tili nayo imatchula amene anamanga tchalitchi ndi chaka chake, koma sitchula amene anasenza njerwa pamutu.

Tsono, amayi, mabuku anuwo muwawerenge mokweza pamaso pa agogo amene atsala, nthawi ikadalipo. Alembi akale ankalemba anthu ndi mfunda wokha, ndipo m'mudzi umodzi mumapezeka a Nangozo anayi ndi a Naphiri asanu. Buku likati Naphiri anapereka tiki (makobiri atatu), wodziwa kuti ndi Naphiri uti ndi gogo amene anakhala naye pa mkeka umodzi tsiku limenelo. Zimene agogowo anene muzilembe m'kope lapadera, mutchule tsamba, tsiku ndi amene wafotokoza. M'buku lakale musalembemo kanthu.

Ndinaona phindu la zimenezi ndi maso anga. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, makamaka kuyambira 1986, anthu ambiri othawa kwawo anakhala m'midzi ya m'malire ya Dedza ndi Ntcheu, ndipo ena analowa m'miphakati yathu mpaka pamene anabwerera mtendere wa 1992 utabwera. Patapita zaka kunabwera mnyamata wofuna umboni woti anabatizidwa kuno, koma dzina limene ankadziwika nalo silinkapezeka m'kaundula. Chinatithandiza ndi kope long'ambika la mphakati limene munali dzina la mayi ake ndi mudzi umene anafikira, ndipo kuchokera pamenepo tinampeza m'buku la ku parishi atalembedwa ndi dzina lina.

Za milanduzo musatenthe. Tsamba likachoka, buku lonse limakayikitsa, ndipo mawa wina adzanena kuti munachotsanso za ndalama.

Mlembi wakale wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), Tsangano

Akuluakulu, mundikhululukire ine mwana kuti ndisiyane nanu pang'ono. Mawu a Akatekisi oti milandu isatenthedwe ndi omveka, koma mantha a amayi aja si opanda pake. Aphunzitsi akuti wachinyamata ajambule tsamba lililonse, ndipo tonse tikudziwa kuti chimene chalowa mu foni ya wachinyamata lero, mawa chili pa gulu la WhatsApp la mudzi wonse. Nkhani ya mayi amene anaimitsidwa zaka 50 zapitazo ikhoza kudanitsa mabanja amene lero akudyerana bwino. Ine ndikanakonda kuti mabuku amene muli milandu apatulidwe, ajambulidwe ndi mlembi yekha pamaso pa mkulu wa mpingo, zithunzi zake zichotsedwe mu foni zikangosamutsidwa, ndipo seshoni (bwalo la akulu a mpingo) igwirizane kuti wololedwa kuwaona ndani. Zithunzi zinazo musazitumize pa WhatsApp ngati njira yosungira, chifukwa imazichepetsa mphamvu ndipo zilembo za pensulo siziwerengeka. Ziikidwe pa fulashi ziwiri ndi pa kompyuta, zisungidwe m'nyumba zosiyana.

Chachiwiri, vuto lenileni ndi nthawi yosinthana maudindo. Pamene ine ndinkalowa mu VDC, komiti yakale inatisiyira chidindo chokha, ndipo patabuka mkangano wa malo a mjigo panalibe pepala losonyeza zimene amfumu ndi eni munda anagwirizana. Magulu a banki m'khonde nawo akagawana ndalama mu Disembala buku limasanduka lokulungira zitumbuwa. Muike m'malamulo anu kuti mlembi wotuluka azipereka mabuku onse powerenga, pamaso pa gulu, ndipo onse awiri azisaina.

Denga likapitirira kudontha, kumbukirani kuti ku Zomba kuli National Archives, imene inayamba mu 1947, ndipo kupatula mafayilo a boma imasunganso zolemba za mipingo ndi mabungwe ena. Komabe musanyamule nokha. Chigwirizano chinakhazikitsidwa mu 1940 pansi pa mpingo wa Nkhoma, choncho nkhaniyi idzere kwa abusa ndi seshoni, iwo ndiwo aone ngati ipite ku presibitale kapena ku Sinodi.

Mlembi wa Chigwirizano, dera la Lizulu

Zikomo kwambiri nonse. Nkhaniyi tinaitula kwa abusa, ndipo agwirizana kuti bokosi liyambe lakhala m'nyumba ya abusa kufikira denga litakonzedwa. Milandu tinaipeza m'mabuku awiri okha, ndipo tawamanga padera monga mwalangizira achimwene a ku Tsangano. Ana a malemu avomera kulandira zithunzi, ngakhale kuti mwana wamkazi wamkulu anagwetsa misozi popereka kiyi wa bokosi.

Dzulo tinapita ndi buku lakale lija kwa gogo wina amene maso anasiya kuona koma mutu ukugwirabe bwino. Titawerenga tsamba lonena kuti amayi anagwirizana zosonkha nkhuni ndi ufa kukapereka kwa mkazi amene mwamuna wake anapita ku Joni, gogoyo anatiimitsa n'kutiuza dzina la mkaziyo, la mwamunayo, ndiponso kuti mwamunayo anabwerera ndi njinga ndi wailesi patatha zaka zitatu. Tinangofika tsamba 9 dzuwa n'kulowa, ndipo bukulo lili ndi masamba oposa 100. Aphunzitsi, funso langa lotsala ndi la masamba omatirirana aja: tayesa kuwalekanitsa ndi mpeni wa patebulo koma inki ikutsalira tsamba linalo, ndiye tawasiya. Kodi pali njira ina, kapena tiwajambule momwe alilimo?