Wotsutsana ndi "borrow" ndi "lend" kapena "return"? Ndithandizeni

Moni nonse pagulu pano, makamaka inu aphunzitsi a Chingerezi. Ndagwira njakata.

Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 8, akukonzekera mayeso a MANEB. Sabata yatha anawapatsa ntchito yolemba mawu ofanana ndi otsutsana a aneni 10 a Chingerezi. Pa mneni "borrow" iye analemba kuti wotsutsana naye ndi "return". Aphunzitsi anathetha ndi cholembera chofiira, n'kulemba "lend" pambali. Anafika pakhomo nkhope ili yakugwa, kope lili m'manja, amvekere, "Amayi, tikabwereka poto kwa aneba, si timakabweza?" Ine kukamwa kunangoti yasa, chifukwa m'Chichewa kubwereka kumatsutsanadi ndi kubweza, komanso ndi kubwereketsa.

Ndatsegula dikishonale yaing'ono yomwe tili nayo, ikungopereka tanthauzo basi. Pa intaneti ndawapeza onse awiri ali pamodzi, osawasiyanitsa. Aphunzitsiwo ndinawalembera kakalata Lolemba, sanayankhebe.

Ku mawu ofanana nako kwavuta. Ena akuti "loan", koma ine ndimadziwa kuti ameneyu akakhala mneni ndi kukongoza, osati kukongola. "Hire" ndi "rent" pamakhala kulipira, pomwe poto wa aneba sitilipira.

Ndiye chonde ndiuzeni: pa mayeso mwana alembe uti, "lend" kapena "return"? Akalemba "return" amupatsa malikisi? Nanga mawu ofanana ndi "borrow" omwe ochonga mayeso amavomereza ndi ati? Ndikufuna ndimufotokozere ndi chifukwa chake chomwe, asamangoloweza. Zikomo kwambiri.