Akuti akutsuka mapaipi, koma pampopi pakutuluka madzi ofiira

MayiWakumapeto:
Abale, ndithandizeni. Dzulo anthu a zamadzi anatsegula mpopi waukulu uja wa ozimitsa moto pakona pa msewu wathu, madzi n'kumangothamanga m'ngalande ngati kwagwa mvula. Nditafunsa anangoti, "Tikutsuka mapaipi, mayi." Madzulo nditsegule mpopi wa kukhitchini, madzi ofiira! Kutsuka kwake n'kotani kosiya madzi akuda kuposa kale? Bilu tikulipira ife, iwo akutaya. Ana ndiwamwetse amenewa? Nyumba yathu ndi yomaliza pa laini.

PlambaWopuma:
Mayi, musade nkhawa kwambiri. M'kati mwa paipi yaikulu mumaunjikana zinthu pang'onopang'ono: dzimbiri, makamaka mapaipi akakhala achitsulo akale, timchenga, manganizi (mchere wa m'nthaka) amene amadetsa madzi bii, komanso zoterera zimene tizilombo timamanga m'mbali mwa paipi. Masiku onse madzi amayenda modekha, ndiye sangazikokolole. Akatsegula mpopi waukulu uja madzi amathamanga, mwina mita imodzi ndi theka pa sekondi, zonsezo n'kumatuka. Zambiri zimatulukira mumsewu momwemo. Zimene mwaonazo ndi zotsalira zimene zinakhotera m'kapaipi kanu.

Koma nkhani yaikulu ndi klorini, mankhwala ophera tizilombo m'madzi, ndipo inu a kumapeto ndi amene ntchitoyi imakupindulirani kuposa wina aliyense. Klorini amatha mphamvu madzi akakhalitsa m'paipi, ndiye kukatentha amatha msanga. Kumene paipi imathera madzi amagona, sayenda. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati madzi akamafika pampopi akhale ndi klorini wosachepera 0.2 mg pa lita. Madzi ogona aja amatha kuoneka oyera mbee koma klorini atathamo kalekale, ndipo ine amenewo ndi amene ndimawaopa kuposa ofiirawa. Akawataya, m'malo mwake mumalowa atsopano.

Wokayikira:
Madala, mwalongosola bwino, koma musawaikire kumbuyo kwambiri. Ena amangotsegula mpopi n'kukhala pagalimoto. Osatseka mavavu (zotsekera madzi m'mapaipi), madzi amakokedwa kuchokera mbali zonse, litsiro n'kungovundukira m'misewu ina. Nanga kuchenjeza anthu kumavuta chiyani?

PlambaWopuma:
Pamenepo sinditsutsa, achimwene. Ntchito yabwino amayambira kufupi ndi kumene madzi oyera akuchokera, n'kumatseka mavavu kuti madzi alowere mbali imodzi, paipi yaikulu kaye kenako zing'onozing'ono. Njira imeneyi imatsuka bwino ndipo madzi otayika amachepa. Satseka mpopi mongoganizira ayi, amayeza kaye kuyera kwa madzi ndi klorini. Ngalande ikamathira mumtsinje amayeneranso kupha klorini uja asanataye, chifukwa nsomba sizimupirira.

NamwinoWausiku:
Za ana zija palibe wayankha. Mayi, ofiirawo musawamwetse, dikirani ayere. Tsegulani mpopi wa madzi ozizira umene uli pafupi ndi mita ya madzi, nthawi zambiri ndi wapanja, muusiye uyende kufikira madzi atayera. Mutha kuthirira maluwa kuti asapite pachabe. Wa madzi otentha musaukhudze, mungakokere matope mu giza. Kasefa ka kukamwa kwa mpopi mukamasule n'kukatsuka. Zovala zoyera zidikire, ndipo ngati zina zathimbirira kale musazithire mankhwala oyeretsa a klorini, dzimbiri limangokanirira.

Akapanda kuyera pofika mawa, kapena akamanunkha, aimbireni foni a zamadzi abwere adzayeze. Akumwa muziwiritsa kaye.

MayiWakumapeto:
Zikomo nonse. Kufiira kwatha, koma tsopano akutuluka oyera ngati athiramo choko. Ndi klorini wachuluka?

PlambaWopuma:
Ayi mayi, kawirikawiri umenewo umakhala mpweya umene unalowa m'paipi. Tungani m'tambula yagalasi muike patebulo. Zooneka ngati choko zija zikayamba kutha kuchokera pansi kukwera m'mwamba, ndi mpweya basi, imwani. Mukaona zinthu zikudikha pansi pa tambula, imeneyo ndi nkhani ina, imbani foni ija.