Thandizo pa mawilo a rover yathu, ikutitimira mumchenga

Moni nonse akuluakulu. Ndine wophunzira za uinjiniya chaka chachitatu, ndipo ine ndi anzanga asanu tikupanga rover, kagalimoto ka roboti kofanana ndi timene amatumiza ku Mars. Tikufunitsitsa kudzalowa nawo University Rover Challenge, mpikisano umene bungwe la Mars Society lakhala likuchititsa kuyambira 2007 m'chipululu cha Utah, pafupi ndi Hanksville.

Chatiimitsa mutu ndi mawilo. Tinatengera kapangidwe ka rocker-bogie, ka mawilo 6 omangiriridwa pa miyendo yopindika, ngati a Curiosity ndi Perseverance, ma rover amene anatumizidwa ku Mars, ndipo pamiyala kamakwera bwinobwino. Koma tikangokafikitsa pamchenga wa m'mbali mwa mtsinje, mawilo akutsogolo amangozungulira pamodzimodzi mpaka kudzikwirira okha. Tinayesa matayala a wilibala, anagwira ndithu, koma ndi olemera kwambiri. Malamulo a mpikisanowu salola rover kupitirira makilogalamu 50, chikhalirecho mkono wonyamulira zinthu sitinaumangirirebe.

Kodi tikulitse mawilo m'lifupi, kapena tichepetse liwiro la mamota kuti asamakumbe? Alipo pano amene anapangapo mawilo a aluminiyamu okhala ndi timano togwira mchenga? Munawapinda bwanji popanda makina okwera mtengo? Chonde tiunikireni, ntchitoyi taikapo mtima wathu wonse.