Sikani ya mimba inali bwino, nanga sitiroko yachokera kuti?

Mlangizi wa ku Thuchila

Zikomo akuluakulu. Kumidzi kuno kwafala maganizo akuti mayi akangojambulidwa sikani n'kuuzidwa kuti mwana ali bwino, basi zatha, ngakhale kusikelo akhoza kumadumphako. Koma timamvanso za amayi amene sikani inali bwino, abereka bwinobwino, kenaka ali m'chikuta tsiku lachinayi kapena lachisanu pakamwa papotoka, mkono wafa. Achibale amafunsa kuti nanga makina aja sanaone bwanji. Ndithandizeni: sikani ya mimba imaona chiyani pa nkhani ya BP? Mayi wapakati kapena wachikuta akachita sitiroko amajambulidwa ndi makina ati, ndipo sapweteka mwana? Nanga khanda nalo lingachite sitiroko? Ndikufuna zoti ndikafotokoze pamsonkhano wa m'mudzi popanda kunamiza anthu.

Mzamba, Thyolo

Achimwene, sikani ya mimba siyeza BP ndipo siona ubongo wa mayi. Imaona mwana, nsengwa ndi madzi. Ikachitika mimba isanakwane masabata 24, monga bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangizira mu 2016, imatiuza msinkhu weniweni wa mimba, ngati muli mapasa, ndi pomwe nsengwa yakhala. Zimenezi zimathandiza, chifukwa mapasa amakweza chiopsezo cha BP, ndipo tsiku loti tibereketse mayi msanga kuti apulumuke tiyenera kudziwa masabata a mwanayo. Pambuyo pake, mimba ikamaoneka yaing'ono poiyeza ndi tepi, sikani imaonetsa ngati mwana akupinimbira, madzi achepa, kapena magazi sakuyenda bwino mumchombo, zomwe zimachitika nsengwa ikamadwala. Koma chogwira matendawa ndi makina a BP ndi kapepala koviika mumkodzo, ndipo zonsezi zili kusikelo komwe akudumphako.

Manambala oti muwagwire pamtima ndi awiri. BP ya 140/90 kapena kuposa, mimba itadutsa masabata 20, mumkodzo muli puloteni, ndiyo preeclampsia. Ikafika 160/110, kaya nambala yapamwamba yokha kaya yapansi yokha, ndi ngozi ya ola lomwelo: bwerezani pakatha mphindi 15, ikakhala pomwepo yambani mankhwala.

Kayezedwe kamalakwika kwambiri. Mayi amene wangotsika pa kabaza kapena wakwera chitunda kuchokera m'minda ya tiyi apume kaye mphindi 5, atakhala pampando, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, osayankhula. Lamba wamng'ono pamkono waukulu amakweza nambala, ndiye mkono wopitirira masentimita 33 kuzungulira umafuna lamba wamkulu.

Kwa anthu a m'mudzi auzeni izi: mutu wosamva panado, chidima m'maso kapena kuona tinyenyezi, kupweteka pansi pa nthiti kudzanja lamanja, kusanza mimba itakula kale, nkhope ndi zala kutupa mpaka mphete kukanika kuvuka. Mapazi okha kutupa madzulo n'kofala. Nkhope kutupa m'mawa ayi, ndipo zoti ndi chizindikiro cha mwana wamwamuna kapena mapasa zatichedwetsera amayi ambiri.

Kwa anzanga a kuhealth centre, musanayitane ambulansi yambani magnesium sulphate: 4 g ya 20% mumtsempha pang'onopang'ono, kuwonjezera 5 g ya 50% thako lililonse. Kenaka 5 g maola 4 aliwonse mosinthana matako, mpaka maola 24 atabereka kapena atakomoka komaliza. Musanabaye ina onani kuti akupuma kosachepera ka 16 pa mphindi, bondo likudumpha mukaligogoda, ndipo mkodzo ukukwana 30 ml pa ola. Akayamba kupuma mofooka, calcium gluconate 1 g mumtsempha.

Pano pali msampha. Magnesium imaletsa kukomoka, koma sitsitsa BP, ndipo chophulitsa mtsempha muubongo ndi BP yokwerayo. Ndiye pamafunikanso hydralazine 5 mg mumtsempha pang'onopang'ono, kapena nifedipine 10 mg womeza, osati woika pansi pa lilime. Tsitsani pang'onopang'ono kufika cha m'ma 140/90, osati kuigwetsa, poti nsengwa nayo ikudalira magazi omwewo. Pobereketsa, mayi wa BP apatsidwe oxytocin, ergometrine ayi.

Za m'chikuta zija sizodabwitsa. BP imakonda kukwera kwambiri pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chimodzi mayi atabereka, nthawi imene watuluka kale m'chipatala ndipo aliyense maso ali pa khanda. Mayi aliyense amene BP inakwerapo ali ndi pakati ayezedwenso m'masiku amenewa, asadikire sikelo ya masabata 6.

Wojambula odwala, Mulanje

Amayi azamba anena zoona, ine nditenge funso lachiwiri. Sitiroko si imodzi, ndipo n'chifukwa chake timajambula. Pali yoti mtsempha waphulika magazi n'kukhuthukira muubongo, yomwe imayenda ndi BP yokwera. Pali yoti mtsempha wopititsa magazi kuubongo watsekeka ndi magazi oundana. Palinso yachitatu imene imakonda amayi achikuta, yoti watsekeka ndi mtsempha wotulutsa magazi muubongo. Kunja zonse zingaoneke chimodzimodzi, pakamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka mbali imodzi, mawu kusokonekera, koma mankhwala ake ndi otsutsana. Osungunula magazi amathandiza wotsekeka mtsempha, koma amene mtsempha waphulika angamuphe.

Ekisire ya mutu pano ilibe ntchito, imangoonetsa fupa. Choyamba ndi CT, makina ojambula m'kati mwa mutu ndi cheza cha ekisire, imene imatenga mphindi zochepa, ndipo magazi okhuthuka amaoneka oyera mbee nthawi yomweyo. Kufooka kwake n'kwakuti mtsempha wotsekeka sungaoneke m'maola oyamba, chithunzi n'kutuluka ngati chabwinobwino. Ndiye CT yabwino sikutanthauza kuti palibe sitiroko, imangotanthauza kuti magazi sanakhuthuke.

Za mwana wa m'mimba musaope. Pojambula mutu wa mayi, mphamvu ya cheza yofika pa mwana sipitirira 0.01 mGy (mGy ndi muyezo wa chezacho), pamene mantha enieni amayambira pa 50 mGy. Mayi wapakati asamanidwe CT ya mutu chifukwa cha mimba, ndipo achibale asakane kusaina chifukwa cha mphekesera.

MRI imagwiritsa ntchito maginito, ilibe cheza cha ekisire, ndipo imaona zimene CT yaphonya. Yoyamba m'Malawi inakhazikitsidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital mu 2008, makamaka pofufuza za malungo a muubongo mwa ana. Imatenga nthawi ndipo wodwala ayenera kukhala chete osasuntha, choncho si ya mayi amene akukomoka. Mankhwala owalitsa chithunzi otchedwa gadolinium sabayidwa kwa mayi wapakati pokhapokha palibe njira ina, koma woyamwitsa akabayidwa apitirize kuyamwitsa.

Sitiroko yachitatu ija ndiikhalire pang'ono chifukwa imaphonyedwa kawirikawiri. Magazi a mayi amene wangobereka amaundana msanga, ndi njira ya thupi yotetezera kutaya magazi. Akawonjezera kusamwa madzi okwanira, kutentha thupi, opareshoni kapena kungogona m'chikuta osayendako, mtsempha wa m'mutu ungatsekeke. Siyigwa mwadzidzidzi ngati zinazo. Mutu umayamba pang'ono n'kumakula tsiku ndi tsiku, umaipa akagona kapena akatsokomola, kenaka kukomoka kapena kusokonezeka maganizo, BP nthawi zina ili bwinobwino. Ambiri amaganiza malungo kapena kuzungulira mutu. Imafuna kujambula mitsemphayo mwapadera ndi CT kapena MRI, ndiye wolemba fomu alembe poyera kuti akukayikira zimenezi. Mankhwala ake ndi heparin, woletsa magazi kuundana, ngakhale pachithunzi pakuoneka timagazi pang'ono. Palinso kutupa kwa mbali ya kumbuyo kwa ubongo kumene kumabwera ndi eclampsia, kukomoka kodza ndi preeclampsia: mayi amasiya kuona, koma BP ikatsika maso nthawi zambiri amabwerera.

Kuno ku Mulanje ndi Thyolo wodwala wotere amatumizidwa ku Blantyre, ndiye zochita asananyamuke n'zofunika kuposa chithunzicho. Yezani shuga ndi malungo, poti zonsezi zimanamizira sitiroko. Agone chammbali cha kumanzere. Musamupatse phala, madzi kapena mapilitsi mpaka ataonedwa kuti akumeza bwino, chifukwa zimalowera m'mapapo. Aspirin ayi, mpaka CT itaonetsa kuti magazi sanakhuthuke. Pakalata lembani ola limene anaonedwa komaliza ali bwino, BP zonse ndi nthawi yake, ndi ola limene magnesium inabayidwa.

Mtima nawo ujambulidwe. Makina a sikani omwewo, ndi kamutu kena, amaona mtima, ndiyo timati echo. Mtsikana amene anadwaladwala zilonda za pakhosi ali mwana akhoza kukhala ndi kakhomo ka mumtima kothina, osadziwa mpaka mimba itawonjezera magazi. Mtima ukamagunda mosokonekera, magazi amaundana m'kati mwake, kachidutswa n'kuthawira kuubongo. Kwa ena mtima umangofooka mwezi womaliza wa mimba kapena m'miyezi 5 atabereka, echo n'kuonetsa kuti ukupopa pansi pa 45%. Mayi wobanika akagona chagada, wogona ndi mapilo atatu, wotsokomola usiku, musathamangire kunena mphumu kapena chibayo, ndipo musamuthire madiripi ambiri.

Nesi wa kunazale

Inde achimwene, khanda limachita sitiroko, koma silipotoka pakamwa ngati wamkulu. Mwana wobadwa masiku atakwana amaonetsa ndi kukomoka m'masiku atatu oyamba: kamkono kamodzi kapena kamwendo kamodzi kugwedezeka mobwerezabwereza, mbali yomweyomweyo, pakati pake akuyamwa bwino. Kusiyanitsa ndi kunjenjemera wamba n'kosavuta. Gwirani kamkonoko. Kakasiya ndi kunjenjemera, kakapitiriza kugunda m'dzanja mwanu ndi kukomoka. Choyamba ndi shuga: ikakhala yotsika, dextrose ya 10%, 2 ml pa kilogalamu. Akapitiriza, phenobarbitone 20 mg pa kilogalamu, ndipo tizilombo ta muubongo tiganiziridwe, maantibayotiki ayambe.

Mwayi wa khanda ndi liwombo. Poti fupa silinatsekeke, timaika kamutu ka sikani pamenepo n'kuona m'kati mwa ubongo, mwana ali m'kabedi kake, popanda cheza chilichonse. Imagwira bwino magazi okhuthukira m'timapanga ta madzi ta muubongo, vuto la ana obadwa masabata 32 asanakwane kapena osafika magalamu 1,500, amene mitsempha yawo ndi yosakhwima. Ambiri zimawachitikira m'masiku atatu oyamba. Koma sitiroko ya mtsempha wotsekeka, imene imakhala cham'mbali mwa ubongo, sikani ya paliwombo ingaiphonye, imafuna MRI.

Magazi aja akatseka njira ya madzi, mutu umayamba kukula. Tepi ndiyo imagwira msanga: mutu wa mwana wokwana masiku umakhala pafupifupi masentimita 34 kapena 35, ndipo wobadwa msanga ayezedwe sabata iliyonse n'kulemba m'buku. Liwombo lotukuka mwana ali chete, maso oyang'ana pansi ngati dzuwa likulowa, kusanza, atumizidwe ku Queens msanga. Zomata mankhwala paliwombo zisachitike, zimangobisa chizindikiro.

Zoteteza zilipo ndipo n'zotsika mtengo. Mayi woti abereka pakati pa masabata 24 ndi 34 abayidwe dexamethasone 6 mg maola 12 aliwonse kanayi. Mchombo udulidwe pakatha mphindi imodzi mpaka zitatu ngati mwana akupuma. Vitamini K abayidwe tsiku lobadwa, 1 mg kwa wokwana masiku, ndipo wobadwira panjira kapena kunyumba ndi amene amaphonya jakisoni ameneyu. Mwana asazizidwe, kangaroo, kumunyamula pachifuwa khungu ndi khungu, ayambe msanga.

Ena sadziwika kunazale n'komwe. Inu alangizi mumawaona kusikelo ya ana: mwana wa miyezi 5 kapena 6 wogwira zinthu ndi dzanja limodzi lokha, linalo atafumbata. Makolo amati ndi wamanzere, koma mwana sasankha dzanja chaka chisanathe. Ameneyo apite kwa dokotala ndi kumafizo ubongo ukadali wanthete.

Mlangizi wa ku Thuchila

Zikomo nonse. Pali chimodzi chandisokoneza. Abambo ojambula akuti aspirin ayi, koma amayi ena amabwera nayo kuchokera kusikelo. Ndiwauze asiye?

Mzamba, Thyolo

Ayi achimwene, asasiye. Imeneyo ndi yaing'ono, ya 75 mg kamodzi pa tsiku, yoteteza preeclampsia isanayambe. Imaperekedwa kuyambira masabata 12 kwa amene ali pachiopsezo: anadwalapo preeclampsia pamimba yapita, ali ndi BP yakale, shuga, matenda a impso, kapena mapasa. Imagwira bwino ikayamba masabata 20 asanakwane, n'chifukwa chake kubisa mimba mpaka itaonekera kumatayitsa mwayi. Kumene anthu sadya zakudya za calcium zokwanira, WHO imalangizanso mapilitsi a calcium, 1.5 g mpaka 2 g pa tsiku, omwedwa nthawi yosiyana ndi a ayironi. Chimene akuletsa abambowo ndi kupatsa aspirin munthu amene pakamwa papotoka kale asanajambulidwe. Komanso mayi wa BP yakale amene amamwa enalapril kapena captopril akangodziwa kuti waima abwere sabata yomweyo, tisinthe tiike methyldopa kapena nifedipine, chifukwa mankhwala awiri aja amawononga impso za mwana m'mimba.